NGOZI KAPENA MLANDU?

Pa maliro a munthu wophedwa ndi galimoto pali mau amene timatonthozana nawo. Timati, "Yachitika ngozi." Wina amaonjeza kuti tsoka silinunkha, wina amati linali tsiku lake, ndipo wina, pofuna kulimbitsa ofedwa, amati ndi kufuna kwa Mulungu. Mau otere ali ndi malo ake pa siwa, pakuti mtima wa namfedwa sungathe kusenza milandu usiku woyamba. Koma tikabwerako ku manda, misozi itauma, munthu wanzeru ayenera kufunsa funso limene pa maliro silifunsidwa. Kodi imfa iliyonse ya pa mseu ndi tsoka lopanda mwini? Kodi woyendetsa amene adathamangitsa galimoto pakati pa anthu, asanaidziwe bwino ntchito yake, angasambe m'manja ndi mau akuti ngozi? Nanga amene adampatsa galimotoyo, ndi okwera amene adakhala chete m'katimo, ali mbali iti?

Funso limeneli apolisi ndi oweruza ali nalo gawo lao, koma likhudzanso chikumbumtima cha aliyense, chifukwa lili pansi pa Lamulo lachisanu, loletsa kupha.

MSEU UMODZI, ANTHU A MITUNDU IWIRI

Amene adayendapo pakati pa Blantyre ndi Lilongwe apadziwa pa Manjawira, m'boma la Ntcheu. Mseu waukulu wa M1 ukaoloka Shire pa Zalewa umadzera m'malo monga Phalula, Senzani ndi Manjawira usanafike pa Chingeni, pamene ukumana ndi mseu wa ku Balaka, ndiponso pamene mu 2021 boma lidatsegula chipata cholipirirapo magalimoto. Pa Zalewa pomwepo malole ochokera ku malire a Mwanza amalowa mu M1, atasenza mafuta, feteleza ndi katundu wina wa ku madoko. Chotero pa Manjawira pamapita zonse: mabasi aakulu, maminibasi, malole a matayala ambiri, timagalimoto ta Sienta tonyamula anthu, magalimoto a anthu a chuma, njinga zamoto za kabaza, njinga zakapalasa zolemedwa ndi matumba, ndi ngolo za ng'ombe.

Tsono taonani kusiyana kwake. Kwa wapaulendo, Manjawira ndi dzina la pa chikwangwani, malo ochedwetsa amene afuna kuwapitirira msanga. Kwa mwini dziko, Manjawira ndi kwao. Mseu umene wapaulendo auyesa bwalo la mpikisano ndiwo njira ya mai wopita ku chigayo, ya mwana wopita ku sukulu, ya gogo wopita ku chipatala, ya mkhristu wopita ku mapemphero. Wina ali m'kati mwa chitsulo, atamanga lamba. Wina ali ndi chitenje chokha ndi mwana kumbuyo. Akakumana awiriwa, wolipira ndi thupi lake adziwika kale.

Bungwe la World Health Organization lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa miseu chaka ndi chaka pa dziko lonse, ndi kuti pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe china chopha ambiri koposa mseu. Lidanenanso kuti oposa theka la akufawo ndi oyenda pansi, okwera njinga ndi okwera njinga zamoto, ndipo kuti chiopsezo ndi chachikulu mu Africa kuposa kwina kulikonse, ngakhale kuno magalimoto ndi ochepa. Anthu a ku Ntcheu safuna kuuzidwa ndi mabuku: akumbukira chaka cha 2019, pamene lole idalowa pakati pa anthu pa msika wa Kampepuza, pa M1 yemweyu, nkupha anthu oposa 10 tsiku limodzi.

NKHWANGWA YOGULUKA NDI NG'OMBE YOGUNDA

Malamulo a Mose adasiyanitsa kale tsoka ndi mlandu, ndipo adachita zimenezi ndi zitsanzo zimene mlimi aliyense angazimve. M'buku la Deuteronomo, mutu 19, muli nkhani ya anthu awiri opita ku thengo kukadula mitengo. Mmodzi posamula nkhwangwa, chitsulo chiguluka pa mpini, chikantha mnzake, ndipo afa. Munthu ameneyu sadali ndi chidani, sadadziwe kanthu. Lamulo lidampatsa mudzi wothawirako kuti abale a wakufayo asamuphe. Imeneyi ndiyo ngozi yeniyeni.

M'buku la Eksodo, mutu 21, muli nkhani ya ng'ombe yogunda munthu mpaka kumupha. Ngati ng'ombeyo idachita zimenezi koyamba, mwini wake alibe mlandu. Koma ngati idali ndi chizolowezi chogunda, mwini wake adachenjezedwa, ndipo sadaitsekere, magazi a wakufayo ali pamutu pa mwini ng'ombe. Angoni a ku Ntcheu, amene adziwa makhalidwe a nkhunzi, sangatsutse chiweruzo chimenechi. Mwini ng'ombe sadafune kuti munthu afe, indedi. Koma adadziwa chimene ng'ombe yake ingachite, natsegula khola.

Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Eklezia amene adamwalira mu 1274, adafunsa funso lomweli m'buku lake la Summa Theologiae: kodi wopha mnzake mosafuna ali ndi mlandu? Yankho lake lidali lakuti chongochitika mwangozi si tchimo. Koma munthu amene adali kuchita chinthu choletsedwa, kapena adali kuchita chololedwa koma osasamala monga kuyenera, sangauthawe mlandu wa imfayo.

Tsono galimoto yothamanga pakati pa anthu ifanana ndi chiti, nkhwangwa yoguluka kapena ng'ombe yogunda? Ngati mwana atulukira mwadzidzidzi kutsogolo kwa woyendetsa wosamala, woyenda pang'ono, wa mabuleki abwino, imeneyo ndi nkhwangwa yoguluka, ndipo woyendetsayo ayenera chifundo chathu. Koma liwiro ndi ng'ombe imene yagunda kale anthu osawerengeka. Chikwangwani chachenjeza, wailesi yachenjeza, manda a m'midzi ya m'mbali mwa mseu achenjeza. Palibe woyendetsa anganene kuti sadamve.

CHIMENE LIWIRO LIMACHITA

Ambiri aganiza kuti kuwirikiza liwiro ndi kuwirikiza choopsa kawiri. Iai, choopsa chikula koposa pamenepo, ndipo masamu ake ndi osavuta.

Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadya mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Yoyenda makilomita 100 pa ola imadya mamita 28. Munthu wa maso akuthwa, wosatopa, wosamwa, afuna sekondi imodzi kapena kuposerapo kuti aone choopsa ndi kusuntha phazi kupita pa buleki. Ataponda buleki, pa tala wouma ndi matayala abwino, woyamba uja aima atayendanso mamita ngati 14. Wachiwiriyo afuna mamita ngati 56, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira uwirikiza kanayi. Tikaphatikiza, woyamba aima pa mamita 28, wachiwiri pa mamita oposa 80.

Tiyerekeze kuti mwana walowa mu mseu mamita 30 kutsogolo, kuthamangira mbuzi. Woyenda pa 50 aima pafupi ndi mwanayo, mtima uli phaphapha, ndipo madzulo mwanayo adya nsima kwao. Woyenda pa 100 amgunda phazi lake litangofika kumene pa buleki. Kugundidwa pa liwiro la 50 kufanana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa mtengo wa mamita 10. Pa liwiro la 100 kufanana ndi kugwa mamita 40. Malamulo amenewa ndi a chilengedwe. Sayang'ana nkhope, salandira chiphuphu, ndipo sasintha chifukwa galimoto ndi yatsopano.

Nanga phindu lake ndi lotani? Kudutsa malo a malonda otalika kilomita imodzi pa liwiro la 50 kutenga masekondi 72. Pa liwiro la 100, masekondi 36. Woyendetsa wapindula masekondi 36, nthawi yosakwanira ndi kunena Atate Athu kawiri. Pa masekondi amenewa waika chikole moyo wa munthu wina, amene sadamfunse ndipo sadavomere. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika.

MANJA APHUNZIRA MSANGA, MASO APHUNZIRA MOCHEDWA

Masiku ano galimoto zakale zochokera ku Japan zachuluka m'dziko muno, ndipo njinga zamoto zafika m'midzi yonse. Zimenezi ndi zabwino: wodwala afika msanga ku chipatala, mlimi agulitsa mbeu zake, mnyamata apeza ntchito. Koma makina afika msanga kuposa luso. Galimoto zambiri za lero zisintha magiya zokha, ndipo mnyamata angaphunzire kuiyendetsa pa bwalo la mpira masabata awiri. Pa tala wosalala, galimoto yotere ifika pa 120 popanda phokoso kapena kugwedezeka, ndipo woyendetsa samva m'thupi mwake kuti ali kuuluka.

Kugwira chiwongolero ndi gawo laling'ono la ntchito imeneyi. Gawo lalikulu ndi kuonera patali. Woyendetsa wakale akaona mbuzi idziwa mtima wake kuti pambuyo pake pangakhale mwana. Akaona minibasi itaima, adziwa kuti kuseri kwake kuli munthu wofuna kuoloka. Adziwa kuti njinga yosenza matumba a makala ipepesuka ndi mphepo ya lole; kuti mvula yoyamba ichititsa tala kuterera; kuti usiku nyali za mnzake zimchititsa khungu pamene ngolo yopanda nyali ili patsogolo pake; kuti galimoto yodzaza anthu ndi katundu siima monga yopanda kanthu. Nzeru zimenezi sizilembedwa pa laisensi. Zibwera ndi zaka, ndi kudzichepetsa, ndi kumvera odziwa.

Makolo athu adazidziwa izi. Mnyamata sankampatsa ngolo ya ng'ombe tsiku loyamba. Ankayamba ndi mbuzi, kenaka ana a ng'ombe, kenaka ankayenda pambali pa ngolo ali ndi wamkulu, mpaka ataoneka kuti wakhwima. Maiko ena adatsata nzeru yomweyi m'malamulo ao: dziko la New Zealand lidayamba mu 1987 kupereka laisensi pang'onopang'ono, kotero kuti woyamba kumene ali ndi malire pa kuyenda usiku ndi pa kunyamula anthu mpaka atazolowera.

Kusadziwa pakokha si tchimo, pakuti palibe adabadwa ali woyendetsa. Tchimo lilowa pamene wosadziwa adziyesa katswiri, nathamanga kuti anzake amtame, kapena kuti atsikana a pa msika amuone. Safunsa adadya phula. Koma pa mseu phulalo adya ndi ena.

MLANDU UYAMBA LITI?

Apa ndipo pagona nkhani. Tiyerekeze anyamata awiri, onse a laisensi ya mwezi watha, onse adutsa pa Manjawira tsiku la msika pa liwiro la 100. Woyamba sakumana ndi kanthu. Afika ku Lilongwe, nadzitama kuti wayenda maola atatu okha. Wachiwiri, patapita mphindi zisanu, agunda mai wosenza mtolo. Dziko litcha woyamba katswiri, wachiwiri chigawenga. Koma kodi asiyana pati? Chimene adasankha ndi chimodzi, chimene adadziwa ndi chimodzi, mtima wao udali umodzi. Chosiyana ndi chakuti mai uja adachedwa mphindi zisanu pomanga mtolo wake, ndipo zimenezo sizidali m'manja mwa mnyamata aliyense wa awiriwa.

Bwalo la milandu liweruza potsata chimene chachitika, ndipo liyenera kutero. Chikumbumtima chiweruza potsata chimene munthu adasankha. Chifukwa chake mlandu wa liwiro uyamba pamene phazi liponda moto pakati pa anthu, magazi asanakhetsedwe. Amene wafika bwino atathamanga mosasamala wangochita mwai. Asauyese mwai umenewo chilungamo.

Eklezia aphunzitsa zomwezi. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965, ndime 30, udadzudzula anthu onyozera malamulo a umoyo ndi a pa mseu, osalabadira kuti aika pa chiswe moyo wao ndi wa anzao. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, ndime 2290, auika mlandu waukulu pa amene aopseza moyo wao ndi wa ena pa mseu chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro. Onani kuti sadikira kuti wina afe. Ndipo mu 2007 ku Vatican kudatuluka malangizo apadera a za ubusa wa pa mseu, okumbutsa kuti galimoto isakhale chida cha kudzikuza ndi kupondereza ena.

Sitinena kuti wothamanga afanana ndi wopha dala. Milandu ili ndi kukula kosiyana. Koma tifunse: ndi angati mwa ife amene podzifunsa mumtima asanakalape adakumbukirapo mayendetsedwe ao?

ENI MLANDU NDI AMBIRI

Wina adzati, "Mwaweruza mnyamata, koma simudziwa njala yake. Mwini galimoto afuna ndalama zake madzulo alionse. Akapanda kukwanitsa, ntchito yatha. Athamanga kuti apeze okwera mnzake asanawatenge." Mau amenewa ndi oona, ndipo sachotsa mlandu, augawa. Mwini galimoto amene aika chiwerengero cha ndalama chosatheka popanda kuthamanga ndi kudzaza anthu mopitirira, amene apereka makiyi kwa mnyamata wosaphunzira chifukwa ndi wotsika mtengo, amene aona matayala atatha nati ayendebe, ameneyo ndiye mwini ng'ombe uja. Akhale ali pa khonde pake pamene munthu afa, phazi lake lili nawo pa moto.

Kholo limene ligulira mwana laisensi ya chinyengo limpatsa mpeni wopanda chigwiriro. Wantchito aliyense amene alandira chiphuphu kuti galimoto yosayenera ipitirire agulitsa moyo wa munthu amene sadzamuona nkhope. Wokwera amene afuula kuti, "Pondani moto adalaivala, tachedwa," walowa nawo m'mlandu. Ndipo wokwera amene aona choopsa nakhala chete chifukwa cha manyazi wabisa mau amene akadapulumutsa anthu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, chepetsani liwiro, tanyamula ana," ndipo mudzaona kuti ena atatu adali kudikira woyamba kulankhula.

A m'mbali mwa mseu nawonso ali ndi gawo lao. Kuyala malonda m'mphepete mwenimweni mwa tala, kuthamangira basi isanaime, kutuma mwana wa zaka zisanu kutsidya kwa M1, kuyenda usiku ndi njinga kapena ngolo yopanda choonetsa, kukwera atatu kapena anayi pa njinga yamoto popanda chipewa choteteza mutu: zonsezi ndi kuseweretsa moyo umene tidangosungitsidwa. Komabe mtolo waukulu uli pa wamphamvu. Amene wagwira chitsulo cholemera ndiye ayenera kusamala koposa, pakuti mwana alakwa chifukwa ndi mwana, ndipo chilango cha kulakwa kwa mwana sichingakhale imfa.

"MULUNGU NDIYE AMASUNGA"

Pali chodzikanira china chovala malaya a chipembedzo. Woyendetsa apachika kolona pa galasi, amata chithunzi cha Christopher Woyera, nkhoswe ya apaulendo, apempha wansembe adalitse galimoto, kenaka athamanga ngati mphepo, nati Mulungu ndiye amasunga. Kudalitsa galimoto ndi chinthu chabwino, ndipo pemphero la paulendo ndi loyenera. Koma dalitso silisintha masamu a mabuleki. Ambuye Yezu, pamene Satana adawauza kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu podalira angelo, adakana, chifukwa kutero ndi kumuyesa Mulungu. Mulungu asunga anthu a pa Manjawira kudzera m'maso, m'nzeru ndi m'phazi la woyendetsa. Ndipo kunena kuti imfa yobwera ndi kusasamala kwathu ndi kufuna kwa Mulungu ndi kumsenzetsa Mlengi mlandu umene uli wathu.

ZIKACHITIKA

Amene wagunda munthu ali ndi ngongole. Ayenera kuima ndi kuthandiza, kapena ngati moyo wake uli pa choopsa, kukadzipereka msanga ku polisi; ayenera kunena zoona; ndipo monga angathere, ayenera kukumbukira wamasiye ndi ana otsala, pakuti kulapa koona kuyenda pamodzi ndi kubweza. Anthu a pamudzi nawo asabwezere. Kumenya woyendetsa ndi kutentha galimoto sikudzutsa wakufa. Kuonjeza tchimo pa tchimo, ndipo kuphunzitsa oyendetsa ena kuthawa, kusiya wovulala ali gone pa tala. Choyamba ndi kunyamula wovulala mosamala kupita naye ku chipatala. Kutola katundu wa ovulala ndi kuba, ndipo kujambula mitembo ndi foni nkumatumizirana ndi kuvula ulemu munthu amene sangathenso kudziteteza.

KWA INU APHUNZITSI NDI AKULU A MPINGO

Mukamaphunzitsa Lamulo lachisanu musalekeze pa mpeni, pa poizoni ndi pa ndeu. Ikanipo chiwongolero. Funsani ophunzira za anyamata awiri aja, ndipo muwaleke atsutsane mpaka aone okha pamene mlandu uyambira. M'miphakati yanu muli oyendetsa, a kabaza, eni magalimoto ndi makolo a anyamata ofuna laisensi. Khalani nao pansi. Woyendetsa wakale atenge mnyamata mmodzi akhale pambali pake, monga ankachitira akulu a ngolo. Ana a sukulu aphunzitsidwe kuoloka, ndipo aang'ono aoloke ndi wamkulu. Mafumu ndi a komiti ya msika apemphedwe kuti malonda afutukire kutali ndi tala. Lamulungu lachitatu la mwezi wa November, limene bungwe la United Nations lidalivomereza mu 2005 kukhala tsiku lokumbukira ofera pa mseu, tchulani maina a akufa a m'dera lanu m'mapemphero, kuti achinyamata amve kuti adali anthu a maina ndi mabanja.

Ndipo inu amene mugwira chiwongolero, mukaona chikwangwani cha Manjawira, kapena cha mudzi wina uliwonse, kumbukirani kuti mwalowa pakhomo pa eni ake. Mlendo salowa m'mudzi akuthamanga, aodira. Chotsani phazi pa moto, penyani mbali zonse, ndipo lipirani masekondi 36 aja mokondwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pa ola lomwelo wina ali kudutsa pakhomo panu.